Chaka Chimene Mfumu Sindilakwa Inalemba Mayeso

Ufumu wa Tidzaona uli ndi likulu lake mumzinda wa Pamzere, ndipo mumzindamo munkakhala mayi wina dzina lake Elube Kamtedza, mphunzitsi wa zaulimi pa sekondale ya Zasowa. Anali ataphunzitsa nthawi yaitali moti ana amene iye anawaphunzitsa kusiyanitsa manyowa ndi feteleza anali atabwerera pasukulu pomwepo ali mabwana ake, atamanga mataye, n'kumamufunsa chimene wachedwera. Anawo anali ndi digiri yachiwiri, iye analibe. Lamulo la yunivesite ya ufumuwo linkati munthu akakwanitsa zaka makumi anayi asayandikirenso pachipata, chifukwa akuti pamsinkhu umenewo mutu sulandiranso zatsopano, umangoyenera unduna basi. Elube anali atatsala ndi chaka chimodzi.

Choncho anayamba kukonzekera mayeso olowera. Mayesowo anali ndi magawo atatu. Loyamba linali la mafunso osankha: funso lililonse linkabwera ndi mayankho anayi, A, B, C ndi D, munthu n'kudetsa ndi pensulo kabokosi ka yankho limene akuona kuti n'loona. Lachiwiri linali la masamu, lachitatu la chimangirizo. Zonsezi zinkayenera kutha nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Akaweruka kusukulu, Elube ankapita kumsika wa Ndatsala, kumene mwamuna wake Yotamu ankasoka zovala pakhonde la sitolo ya zitsulo. Ankayala mapepala a mayeso akale pamwamba pa nsalu za eni ake n'kumawerenga. Pang'ono ndi pang'ono anthu ena ofuna mayeso omwewo anayamba kubwera kudzakhala naye, iye n'kumawafotokozera mmene mafunso amakhalira ndi misampha yake. Yotamu ankangopalasa makina, koma khutu lili komweko, moti tsiku lina anamveka akufunsa kasitomala ngati thalauza lake likhale A, lothina, B, lotaya, kapena C, palibe choona pa ziwirizi.

Nthawi imeneyo pampando panali Mfumu Sindilakwa Wachinayi. Mfumuyi inali ndi madigiri aulemu ochuluka, opachikidwa khoma lonse la chipinda chodyera, ena mpaka kubafa. Koma paphwando lina, mfumu ya dziko loyandikana nalo la Tsidyalija, itakhuta, inayang'ana khomalo n'kunena kuti, “Awa ndi aja amapereka limodzi ndi mbuzi ya mphatso. Yanga ndi imodzi yokha, koma ndinachita kulembera mayeso.” Mfumu Sindilakwa sinamalize nyama imene inali m'mbale. M'mawa mwake wailesi inalengeza kuti chaka chimenecho Ambuye Mfumu adzalemba mayeso olowera ku digiri yachiwiri mu holo imodzi ndi anthu awo, pofuna kulimbikitsa maphunziro m'dziko.

Sabata yomweyo maprofesa onse a payunivesite anadwala. Wina dzino, wina msana, wina anakumbukira maliro a amalume ake amene anamwalira iye akukwawa. Aliyense ankadziwa kuti wophunzitsa Mfumu tsiku lina adzayenera kunena kuti “mwalakwa”, ndipo mawu amenewo anali asanamvekepo kunyumba yachifumu chimangireni nyumbayo.

Nduna ya Zamaphunziro, a Vomerezani Chikuse, inasowa pogwira mpaka itamva za mayi wa pakhonde la telala. Tsiku lina masana galimoto yakuda ya mbendera inaima pakati pa tomato ndi usipa.

“Ndinu Mayi Kamtedza?” anafunsa a Vomerezani, galasi atatsitsa theka.

“Ndine, bwana.”

“Mwasankhidwa. Muzikawafotokozera Ambuye Mfumu mmene mayeso amakhalira. Kuphunzitsa ayi, poti palibe chimene sadziwa. Muzikangowakumbutsa.”

“Koma bwana, inenso ndikulemba nawo mayeso omwewo.”

“Ndiye zakhala bwino. Mukawasokeretsa mudzakhala muli pafupi, sitidzavutika kukufunafunani.”

Galimoto itapita, Yotamu anadula ulusi ndi mano n'kufunsa kuti, “Make Siyeni, ndikusokereni diresi latsopano, kapena mungovala lakuda lija kuti tisadzagwire ntchito kawiri?”

Elube anavala lakuda lomwelo. Kunyumba yachifumu anamulowetsa m'chipinda chachikulu, nagwada pa kapeti yofewa kuposa matiresi ake. Mfumu inali pampando, pensulo yagolide ili m'manja, ndipo kumbuyo kwake kunaima nduna zinayi: a Vomerezani, Nduna ya Zachuma, ya Zamisewu ndi ya Zaulimi.

“Aphunzitsi, tikumbutseni,” inatero Mfumu. “Mayesowa amayamba ndi chiyani? Nyimbo ya fuko?”

“Amayamba ndi mafunso osankha, Ambuye Mfumu. Funso limodzi, mayankho anayi. Limodzi ndi loona, atatuwo ndi abodza.”

Mfumu inasendera kutsogolo. “Mwati atatu ndi abodza?”

“Inde, Ambuye. Amawaika dala kuti akole munthu amene sanawerenge.”

“Vomerezani, ukumva? Yunivesite yathu imasindikiza mabodza atatu pa choona chimodzi n'kumagawira ana a anthu. Ngakhale wailesi yathu siinafikepo pamenepo.”

“Ndinali pafupi kudandaula, Ambuye,” anatero a Vomerezani.

“Lemba. Kuyambira lero yankho labodza n'loletsedwa m'dziko la Tidzaona. Mayankho onse anayi ndi oona.”

Elube akanangokhala chete. Koma uphunzitsi ndi matenda, ndipo pakamwa panatseguka pokha. “Pepani, Ambuye Mfumu. Ngati onse ali oona, ndiye kuti aliyense akhoza. Onse apeza malikisi ofanana.”

“Ofanana ndi ndani?” inafunsa Mfumu.

Nduna ya Zamisewu inayamba kuwerenga mabatani a jekete lake. Amene anapulumutsa zinthu anali a Vomerezani, amene ntchito yawo yeniyeni inali yomweyo.

“Chimene Ambuye akutanthauza,” anatero iwo, “n'chakuti mayankho onse ndi oona, koma limene Ambuye adzasankhe ndilo loona kwambiri. Ochonga adzayamba atenga pepala la Ambuye. Wofanana nalo wakhoza, wosiyana nalo walephera.”

“N'zimene timafuna kunena,” inatero Mfumu.

Elube anatuluka m'nyumba yachifumu. Anali atawerenga miyezi yambirimbiri, ndipo m'mawa umodzi wokha, ndi pakamwa pake pomwe, anaphwasula mayeso amene ankawawerengerawo.

Pofika kumsika anapeza lamulo lamutsogolera. Wailesi ya ogulitsa mabatire inali italibwereza kangapo, ndipo anthu anali atayamba kale kulisenda.

“Ndiye kuti mwana wanga uja sankalephera ayi,” anatero Nasiwelo, mayi wogulitsa mandasi pafupi ndi khonde la Yotamu. “Ankangosiyana maganizo ndi Mfumu. Ine kumamumenya mwana wosalakwa.”

Mwezi usanathe, mabuku anasowa ogula. Kuwerenga kunalibenso ntchito, chofunika chinali kudziwa mutu wa Mfumu. Wometa tsitsi wa kunyumba yachifumu anatsegula sukulu yokonzekeretsa mayeso kuseri kwa malo ogulitsira makala, ndipo chikwangwani chake chinkanena zoona zokhazokha, kuti palibe munthu m'dzikomo amene anaugwirapo mutu umenewo kuposa iye. Wophika wina amene anachotsedwa ntchito kumeneko anatsegulanso yake. Awiriwa ankadana, koma chiphunzitso chawo chinali chimodzi: Mfumu singasankhe B, chifukwa B ndi wachiwiri, ndipo Mfumu sinakhalepo yachiwiri pa chilichonse. C ndi D osanena n'komwe. Ana a nduna ankabwera pa magalimoto kudzaphunzira kudetsa A mwaluso, osatulukira kunja kwa kabokosi.

Gulu la Elube linabwera komaliza kudzamufunsa ngati zinali zoona.

“Inu mumakhala nawo, Mayi Kamtedza. Ndi A eti?”

“Sindikudziwa,” anayankha Elube. “Werengani basi.”

Anamuyang'ana ngati munthu womana, n'kupita kwa wometa uja.

Kunyumba yachifumu maphunziro anapitirira. Elube analumbira mumtima kuti sanenanso chilichonse chimene chingasanduke lamulo. Anasankha zazing'ono zokha, timachenjera tija amauzidwa aliyense wolowa m'mayeso.

“Mukapeza funso lovuta, Ambuye, musataye nalo nthawi. Mumalidumpha, n'kudzalibwerera pambuyo pake.”

Nkhope ya Mfumu inawala. “Ngati mlatho wa pa Nyamadzi.”

“Ndithu, Ambuye,” inatero Nduna ya Zamisewu. “Tinaudumpha nthawi ya malemu abambo anu. Tidzaubwerera.”

“Ndipo ngati nthawi ikutha,” anapitiriza Elube, “musasiye kabokosi kopanda kanthu. Ndi bwino kungolota.”

“Umo ndi mmene timakonzera bajeti,” inatero Nduna ya Zachuma, ikumwetulira ngati yayamikiridwa.

“Ndiye kuti mayesowa takhala tikulemba chilowereni ufumu,” inatero Mfumu. “Palinso china?”

“Chomaliza, Ambuye. Mukakhala kuti simukudziwa yankho, mumayang'ana anayi aja bwinobwino, n'kuchotsapo awiri amene akuoneka opusa kwambiri. Mukatero mwayi wanu umakula.”

Mfumu inaganiza kanthawi. Kenako inatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana nduna zinayi zija, imodzi ndi imodzi. Madzulo a tsiku lomwelo wailesi inalengeza kuti Nduna ya Zachuma ndi ya Zamisewu zapumitsidwa pa ntchito, ndipo mwayi wa dziko wakula.

Gawo la masamu silinachedwe. Mfumu itafunsa ngati yankho limasintha malinga ndi amene wafunsidwa, Elube anati ayi, zisanu kuphatikiza zisanu ndi khumi kwa mfumu ndi kwa wokwera kabaza yemwe. Mfumu inati masamu alibe ulemu, ndipo anachotsedwa. Chimangirizo chinatsatira tsiku limene Elube ananena kuti ochonga amafuna munthu aonetse mbali zonse ziwiri za nkhani. A Vomerezani anakumbutsa bwalo kuti m'dziko la Tidzaona nkhani iliyonse ili ndi mbali imodzi, yachiwiriyo ili kundende. Ndipo Elube atanena kuti woyang'anira akati “lekani kulemba” aliyense amaika pensulo pansi, Mfumu inangofunsa kuti, “Aliyense?” Wotchi ya mu holo inatsitsidwa, ndipo kunalengezedwa kuti mayeso adzatha pamene Ambuye adzaike pensulo yawo pansi.

Mayeso atayandikira, Elube anakhala pakhonde paja Loweruka m'mawa, buku lili pamiyendo koma osaliwerenga. Yotamu anali kalikiliki kusoka zilembo za A pa malaya a ana a mabwana.

“Bambo a Siyeni, ndingokadetsa A ngati anzangawa?”

“Kodi Mfumuyo idzasankhadi A?”

“Sindinaionepo ikusankha chilichonse. Ndikaipatsa funso loyeserera imayang'ana nkhope ya a Vomerezani. A Vomerezani nawo amayang'ana nkhope ya Mfumu. Amayang'anana choncho mpaka tiyi atabwera.”

Yotamu anaimitsa makina. “Ndiye mukuti bwanji?”

“Chaka changa ndi chino chokha. Koma kuwerenga konseku kuti ndikajambule mzere umodzi wa A ngati mwana wa mkaka? Ayi. Ngati ndi kulephera, ndikalephere ndi mayankho anga.”

“Chabwino,” anatero Yotamu. “Koma malaya a A ndikusungirani amodzi, mwina mungadzawafune pothawa.”

Tsiku la mayeso msewu wopita kuyunivesite unasesedwa, ndipo maenje anakwiriridwa ndi mchenga mpaka pachipata cha holo. Bandi ya asilikali inaimba. Amuna asanu ndi mmodzi analowa atanyamula mpando wachifumu, n'kuyamba kuzungulira nawo kufuna pouika. Mfumu inaloza ndi pensulo yagolide ija.

“Apo, pafupi ndi aphunzitsi. Mwina pensulo ingathyoke.”

Mapepala anagawidwa. Holo yonse inamveka kwee kwee kwa kanthawi kochepa, anthu akudetsa A kuchokera pamwamba mpaka pansi, kenako onse anapinda manja n'kumadikira. Elube yekha ndiye ankawerenga mafunso. Loyamba linali losavuta, ndipo anadetsa C. Nthawi yomweyo kumanja kwake kunamveka kwee. Lachiwiri anadetsa B, ndipo kumanjako kunamvekanso kwee.

Anasuzumira ndi ngodya ya diso. Khosi la Mfumu, limene pa ndalama za dzikolo limaoneka lalifupi ndi lonenepa, linali litatalika modabwitsa, ndipo chisoti chinali chitatsala pang'ono kugwera pa desiki yake. Mwachizolowezi cha uphunzitsi, Elube anaphimba pepala ndi mkono. Mfumu inatsokomola. Msilikali wina anabwera chonyang'ama, nagwira chigongono cha Elube ndi zala ziwiri mwaulemu, n'kuchisuntha. Woyang'anira mayeso, munthu amene chaka chathachi anatulutsa mtsikana mu holo chifukwa choyetsemulira mbali ya mnzake, anapeza chinthu chochititsa chidwi kudenga ndipo sanachichotsenso maso.

Elube anabwerera pa pepala lake. Anazindikira kuti chilichonse chimene adetse chikhala yankho la dziko lonse. Anayamba kuwerenga funso lililonse kawiri. Pa funso lina anaona kuti walakwitsa, nafufuta D n'kudetsa B.

“Aphunzitsi,” inanong'ona Mfumu, “musamasinthesinthe. Mukutidetsera pepala.”

“Pepani, Ambuye.”

“Ndipo fulumiraniko. Njala yatipweteka.”

Elube atadetsa kabokosi komaliza, pensulo yagolide inaikidwa pansi, bandi inaimbanso, ndipo mayeso anatha.

Zotsatira zinatuluka mwamsanga kuposa chaka china chilichonse. Ambuye Mfumu anakhoza mafunso onse, monga mmene dziko linkayembekezera. Onse odetsa A analephera, kuphatikizapo ana a nduna, a akuluakulu a asilikali, ndi mwana wa mlongo wake wa Mfumukazi. Wometa uja anatseka sukulu n'kupita kumudzi kukaona odwala. Maprofesa, amene tsopano anali atachira, ankanong'onezana m'makonde kuti mayankho a Ambuye akufanana ndendende ndi a m'mabuku, chinthu chimene palibe anachikonzekera. Munthu mmodzi yekha ndiye anafanana ndi Mfumu funso lililonse. Galimoto yakuda inaimanso pakati pa tomato ndi usipa, koma ulendo uno munali apolisi.

Mlandu unazengedwa m'bwalo lalikulu la nyumba yachifumu, anthu atadzaza mpaka m'mawindo. Yotamu anapeza malo kumbuyo, pafupi ndi chitseko. A Vomerezani, amene mwana wawo analinso m'gulu la olephera, ananyamula mapepala awiri m'mwamba.

“Taonani, anthu a Tidzaona. Pamene Ambuye anadetsa C, mayiyu anadetsa C. Pamene Ambuye anadetsa B, iyenso B. Ngakhale pamene Ambuye, mwa nzeru zawo, anayamba adetsa D n'kufufuta, mayiyu anafufutanso pomwepo. Mapepala awiri akafanana chonchi, ndiye kuti wina anaonera mnzake. Kodi alipo muno amene anganene kuti Ambuye Mfumu angaonere munthu?”

Panalibe.

“Mayi Kamtedza, muli ndi mawu?”

Elube anagwada. Anayang'ana kumbuyo, naona Yotamu akupukusa mutu pang'ono, kumuchenjeza kuti matenda a uphunzitsi asamugwirenso.

“Ambuye Mfumu,” anatero, “ine ndinaikidwa pafupi kwambiri. Nzeru zinali zambiri mbali imeneyo, desiki yanga inali m'munsi. Sindikudziwa kuti zinayenda bwanji, koma mapepala anafanana.”

Mfumu inagwedeza mutu mokhutira. “Zinasefukira. Zimachitika.” Kenako inatembenukira kwa mkulu wa yunivesite, Profesa Gwaza, nkhalamba yowonda imene inakhala kutsogolo. “Tisanagamule, Profesa, mkanjo ndi chipewa tidzavala liti? Tikufuna tiitane mnzathu wa ku Tsidyalija.”

Profesa Gwaza anaimirira akugwira mpando. “Ambuye Mfumu, mayeso amene mwakhoza mochititsa kaso aja ndi olowera. Ndiye kuti tsopano mwaloledwa kuyamba.”

“Kuyamba chiyani?”

“Sukulu, Ambuye. Zaka ziwiri. Kulowa m'kalasi, kuwerenga, kuchita kafukufuku, kulemba buku, kenako kuima pamaso pa maprofesa kuti akufunseni mafunso.”

“Atifunse ife?”

“Opanda A, B, C, Ambuye.”

Mfumu inayang'ana Elube. “Aphunzitsi, bwanji simunatikumbutse zimenezi?”

“Ambuye, ndinkayesa dzina la mayesowo likunena lokha.”

“Ife timayesa ndi olowera kuphwando.”

Kenako Mfumu inaongola chisoti, ndipo a Vomerezani anatulutsa cholembera.

“Chigamulo ndi ichi. Mayi Kamtedza apezeka olakwa pa mlandu woonera pepala la Mfumu. Zotsatira zawo zafafanizidwa. Ndipo poti amakonda kulemba zofanana ndi zathu, chilango chawo n'chakuti akakhale m'kalasi m'malo mwathu zaka ziwiri zonsezo. Aziwerenga, azilemba, aziyankha mafunso. Dzina pamapepala likhale lathu.”

“Digiri ya chiyani, Ambuye?” anafunsa Profesa Gwaza.

“Iliyonse. Bola chipewa chikhale chachikulu.”

“Ya zaulimi chipewa chake n'chachikulu kwambiri, Ambuye,” anatero Elube msangamsanga, maso ali pansi.

Umo ndi mmene Elube Kamtedza analowera payunivesite. Tsiku loyamba mphunzitsi anaitana mayina, ndipo atafika pa “Ambuye Mfumu Sindilakwa Wachinayi” kalasi yonse inaimirira. Elube anayankha ali kumbuyo kuti, “Ndilipo.”

Poyamba zinkamusangalatsa. Ku laibulale ankamupatsa buku lililonse, ngakhale aja amatsekeredwa m'kabati. Koma ntchito yoyamba itabwezedwa, mphunzitsi anaibweretsa chogwada, itachongedwa zonse. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu Elube ankadziwa yekha kuti anasokoneza penapake, koma inabwera ndi mawu ofiira akuti “Nzeru zakuya”. Anamutsatira mphunzitsiyo ku ofesi.

“Adokotala, chonde, ndionetseni pamene ndalakwitsa. Ndinabwerera zimenezo.”

Mphunzitsiyo anatseka chitseko, nayang'ana pawindo. “Mayi, papepalapo pali dzina la ndani?”

“La Mfumu.”

“Ine ndili ndi ana, mayi.”

Elube anapsa mtima, ndipo anaganiza zowayesa. Chaka chimenecho mbozi zinali zitagwa m'minda ya chimanga. Pa ntchito yotsatira analemba mwadala, ndi Chingerezi chozama, kuti mbozi zimathawa m'munda zikamva nyimbo ya fuko. Ankati apa pokha wina aseka, kapena adula mzere wofiira.

Pepalalo linachongedwa zonse. Linatumizidwa kwa Nduna ya Zaulimi, ndipo sabata yotsatira wailesi inalengeza zimene Ambuye Mfumu atulukira pa kafukufuku wawo. Mlimi aliyense analamulidwa kuima m'munda mwake m'mawa uliwonse n'kuimba ndime zonse. Alangizi ankayendera minda kumvetsera ngati anthu akutchula bwino mawu.

Elube akupita kuyunivesite pa minibasi ankamva nyimbo kuchokera m'minda mbali zonse za msewu, mawu a nkhalamba ndi a ana, ena osasa kale. Atafika kumsika madzulo ake anapeza Nasiwelo akugulitsa mandasi ndi manja okha, mawu atatheratu.

“Zathawa?” anafunsa Elube mwamantha.

“Sizinathawe,” ananong'ona Nasiwelo. “Koma n'zaulemu. Zimaleka kudya mpaka timalize, kenako n'kupitiriza.”

Yotamu sanaseke. “Make Siyeni, chimanga cha anthu chikutha. Cha amayi anga chatsala mapesi.”

M'mawa mwake Elube anapita kuminda ya kafukufuku, n'kukhala komweko masiku ambiri, akutola mbozi, akuyesa phulusa, mchenga, masamba owawa ndi mankhwala a m'sitolo, n'kumabwereza chilichonse mpaka atatsimikiza. Kenako analemba pepala lina lonena kuti Ambuye Mfumu, popitiriza kafukufuku wawo, apeza kuti nyimbo ya fuko imagwira bwino ntchito ikaimbidwa kamodzi pachaka, bola munthu adzale msanga, ayendere munda wake kawirikawiri, ndipo athire zakutizakuti pamutu pa chimanga mbozi zikadali zazing'ono. Nalonso linakhala lamulo.

Kuyambira pamenepo palibe wophunzira m'mbiri ya yunivesiteyo amene anawerenga ngati Elube. Anzake akalakwitsa ankangotaya malikisi. Iye akalakwitsa dziko lonse linkadzala molakwika, ndipo panalibe womuuza. Ankadzichonga yekha mwankhanza kuposa profesa aliyense, ankafunsa alimi, ankalembera akatswiri a ku Tsidyalija mwakachetechete kuti amutsutse. Anawonda, imvi zinatuluka, ndipo zaka makumi anayi zinamudutsa ali m'munda wa nandolo.

Zaka ziwiri zitatha, kunachitika mwambo waukulu pabwalo la masewero. Mfumu inavala mkanjo wofiira ndi chipewa chachikulu ngati lichero. Buku la kafukufuku linanyamulidwa pa pilo. Chaka chimenecho nkhokwe zinadzaza, ndipo wolengeza anathokoza Ambuye Mfumu chifukwa chosagona tulo poganizira alimi. Elube anali atabwerera kale ku sekondale ya Zasowa, pa udindo wake womwe uja, ndipo tsikulo anaperekeza ana a sukulu kudzaombera m'manja. Anaima padzuwa kuseri kwa chingwe, pamodzi ndi Yotamu.

Pambali pawo panaima bambo wina wachikulire wochokera kumudzi, chipewa chili m'manja. Sankamudziwa Elube. Mfumu italandira pepala lake, bamboyo anapukusa mutu mogoma.

“Ine ndinkayesa n'zamasewera,” anatero. “Koma zija anatiuza za mbozi zinathandizadi. Chaka chino ndadya chimanga changa. Mfumu yathuyi inaphunziradi, mayi.”

Yotamu anayang'ana mkazi wake. Elube anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

“Inaphunzira, bambo,” anayankha. “Inavutika nayo kwambiri sukulu imeneyi. Ine ndinkaiona.”